Tili Bwino, Koma

Kutsidya kwa mapiri a Musandifunse kuli dziko limene pa mapu akale linkalembedwa kuti Tilipo. Dzinali linachokera kwa makolo awo, amene alendo akawafunsa kuti zikuyenda bwanji ankayankha choncho, n'kuyang'ana kumbali. Lero mukalifuna dzikolo pa mapu mupeza palembedwa Tilibwino. Ine ndikulemba ndili kunja kwa malire, choncho mawu ena amene kumeneko amamangitsa ndiwatchula momasuka.

Anthu a ku Tilipo ndi aulemu woopsa. Munthu ngakhale nyumba ikupsa kumbuyo kwake, mukamupatsa moni ayankha kuti ali bwino, akufunseni inunso, mufunsane za ana ndi za mvula. Kenako pamakhala kaye zii. Ndiye amayang'ana pansi n'kunena kuti, "Koma nyumbayi ndiye ikupsa." Zoona zonse za dzikolo zimakhala kuseri kwa koma. Zimene zili kutsogolo kwake ndi moni chabe, ndipo mwana aliyense amakula akudziwa zimenezi.

Pa chipatala cha mu Pamtunda, likulu la dzikolo, panali kachipinda kumapeto kwa khonde, pafupi ndi pochapira. Anthu ankangoti Chipinda cha Lachinayi, poti chinkatsegulidwa tsiku limenelo lokha. Kumeneko kunkapita anthu ovutika maganizo: osagona, oganiza kwambiri, omva mawu amene anzawo sakuwamva, ndi ena amene mtima unangowathera popanda bala looneka. Munali mipando iwiri, kabati ya mankhwala ndi namwino mmodzi, mayi Nasibeko, wamfupi, wojintcha, wosathamanga pa chilichonse. Luso lake lalikulu linali kukhala chete. Ankapereka moni, wodwala n'kuyankha kuti ali bwino, iye n'kupinda manja n'kudikira. Madokotala achinyamata ankati mayiyu akuwononga nthawi ya boma. Iye ankangoti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mmodzi mwa anthu a Lachinayi anali Esinati, mkazi wa Faniwelo Kadzuwa, wosoka nsapato pa msika wa Tiyeseko. Mwana wawo woyamba, Tadala, anamwalira asanayambe n'kukwawa komwe. Chichokereni kumanda Esinati sanalirenso, sanadandaule, anangokhala ngati nyumba imene eni ake asamuka. Faniwelo ankamukonda mkazi wake, koma anali munthu wapakamwa, ndipo chikondi chake chonse chinkatulukira pomwepo. Anabisa tizovala ta mwana. Anauza anansi kuti dzina la mwanayo lisamveke pakhomopo. Iye mwini anabwerera kumuitana ndi mfunda wake ngati nthawi ya chibwenzi.

"Usadandaule, Nangondo," ankatero akulowa, ankatero akutuluka. "Mulungu adzatipatsa wina. Taseka pang'ono. Ndikuuze zimene wachita Che Jafali kumsika lero?"

Tsiku lina amayi obwera kuchigayo anamupeza Esinati ataima pa mlatho, dengu lili pansi, akungoyang'ana madzi. Anamugwira dzanja n'kumubweretsa kunyumba. Kuyambira pamenepo Faniwelo ankatseka benchi yake Lachinayi lililonse n'kumuperekeza kwa Nasibeko. Ankadikira panja. Kamodzi anasuzumira pa chitseko n'kuona amayi awiri atangokhala, wina akuyang'ana pansi, wina akuyang'ana mnzake, popanda wolankhula. Anadzifunsa ngati boma likudziwa zimene limalipira. Komabe patapita miyezi Esinati anayambanso kudya, kupesa tsitsi, ndipo tsiku lina anamudzudzula mwamuna wake kuti wasiya zingwe za nsapato m'mbale. Faniwelo anasangalala ndi chidzudzulo chimenecho ngati mphatso.

Nthawi yomweyo n'kuti ku sukulu ya ukachenjede ya Mfumu kuli Dokotala Elube Chimphonda, mayi wofatsa amene tsoka lake linali kuchita ntchito moona mtima. Iye anadzifunsa kuti, poti dziko lonse lili ndi Nasibeko mmodzi, kodi foni singathandizeko? Anapereka mafoni kwa odwala angapo. Foniyo inkawakumbutsa mankhwala, m'mawa inkawafunsa mafunso mwachifatse, ndipo mayankho akalemera inkadziwitsa Nasibeko, iye n'kuimba kapena kupita yekha. Zinayenda bwino ndithu. Odwala akutali anasiya kudumphitsa mankhwala, ndipo ena anapezeka msanga zinthu zisanafike poipa.

Mbiri inafika kunyumba yachifumu, dokotala n'kuitanidwa.

Mfumu ya dzikolo inali Sindilakwa Wachiwiri. Chimwalirireni Mfumukazi, Mfumu inkakonda nkhani zabwino ngati mmene wodwala malungo amakondera dzuwa. Zikondwerero zinkachitika motsatizana. Maso ake anali ofiira nthawi zonse, zimene nduna zinkati ndi chizindikiro cha kulimbikira ntchito. Kudzanja lake lamanja kunkakhala a Chivomerezi, Nduna ya Zaumoyo, Zikondwerero ndi Zina, ndipo kumbuyo kunkakhala amayi a nthungululu, olembedwa ntchito ndi boma, amene ankayang'ana chala cha ndunayo.

Dokotala anagwada n'kuyamba.

"Mwinidziko, kafukufuku wathu waonetsa kuti mafoni akuthandiza kwambiri odwala maganizo, koma..."

Chala cha a Chivomerezi chinakwera. Nthungululu zinaphulika, ng'oma zinalira, nduna zinaimirira n'kugwirana chanza. Dokotala anayesa kukweza mawu, anayesa kukweza dzanja, anthu n'kuyesa kuti akuvina. Chimene ankafuna kunena chinali chakuti kuseri kwa foniyo kuyenera kukhala munthu womvetsera. Anamuveka mendulo m'khosi n'kumutulutsa, theka la chiganizo lili m'kamwa.

"Mwinidziko," anatero a Chivomerezi phokoso litatsika, "maiko ena amachiza misala. Ife tiithetseratu. Mzika aliyense alandire foni. Tiitcha Kamtonthozi."

Vuto linali lakuti mafunso a dokotala anali ambiri, ndipo tsiku lokumbukira kulongedwa ufumu linali pafupi. Zotsatira zinkafunika mphika wa chikondwerero usanaikidwe pamoto. Ndunayo inaitanitsa akatswiri a makina n'kuwaphunzitsa.

"Inu anyamata sukulu inakupotozani. Munthu ukafuna kudziwa mmene alili umamufunsa chiyani? Mwadzuka bwanji! Madzulo, mwaswera bwanji! Makolo athu anatulukira kafukufuku kalekale. Funso likhale limodzi. Foni ikamva yankho ithokoze, idule. Tisataye nthawi ya mzika."

Mafoni anagawidwa, achikasu, a nkhope ya Mfumu kumbuyo. M'mawa uliwonse dziko lonse linkalira nthawi imodzi ngati atambala. Mawu a mtsikana waulemu ankati, "Mwadzuka bwanji?"

"Ndadzuka bwino, kaya inu?"

"Zikomo. Yankho lanu lalandiridwa." Tiii.

Munthu ankatsala foni ili kukhutu, atakoka kale mpweya woti ayambire nkhani yeniyeni. Ena koma wawo ankamuuza mpanda, ena nkhuku.

Zotsatira zinatuluka nthawi yake. Anthu zana pa zana alionse anali bwino. Anali bwino a kumudzi, a m'tauni, a m'ndende, a m'chipatala, ngakhalenso mkulu wina wa ku Chigwa amene foni inamupeza ali pansi pa ngolo yomugwera. Dokotala Chimphonda anathamangira kwa nduna kukanena kuti chimene ayeza ndi ulemu, osati umoyo. Anamuuza kuti nduna ili kotanganidwa ndi kukondwerera zotsatira zake, ndipo anamuwonjezera mendulo ina.

Pa tsiku la chikondwerero Mfumu inalengeza kuti dziko lisinthe dzina, likhale Tilibwino. A Chivomerezi anawonjezera kuti Chipinda cha Lachinayi chatsekedwa, poti mankhwala opanda odwala ndi mwano kwa Mfumu. Kabati inatsekedwa ndi loko. Chipindacho chinasanduka Malo Otchajira Mafoni a Chimwemwe, ndipo mayi Nasibeko anakwezedwa pa ntchito kukhala woyang'anira matchaja.

Pa msika wa Tiyeseko nkhaniyi anailandira mwaulemu.

"Mwamva, Che Jafali? Akuti tachira," anatero Abiti Mdoka, wogulitsa mandasi, akulankhula ndi wa nyama ya mbuzi woyandikana naye.

"Ndamva pa wayilesi. Ine ndikanapanda wayilesi sindikanadziwa."

"Nanga mlamu wanu uja amalalikira mitengo?"

"Ali bwino. Koma dzulo wabatiza njinga ya mwini wake."

"Ine kafoniko kamandinyansa chinthu chimodzi," anatero Abiti Mdoka. "Ndimakafunsa kuti kaya inu, osayankha. Mwana wa ndani ameneyu?"

"Wa boma," anayankha Che Jafali, akudula nyama. "Boma lilibe kaya inu."

Faniwelo, amene kale akanakhala woyamba kuponya nthabwala, ankangobaya nsapato. Mankhwala a Esinati anali atatsala pang'ono kutha.

Akazitape a nduna, amene ankagula mandasi tsiku lililonse osawadya, anapita kukanena kuti pali kusiyana pakati pa zimene anthu amauza foni ndi zimene amauzana okha. A Chivomerezi anasinkhasinkha n'kupeza gwero. Sanali njala, sanali maliro, sanali ulova. Anali mawu amodzi, amene nthawi zonse ankapezeka pamalo pomwe chimwemwe chikuthera. Atachotsedwa mawuwo, chimwemwe chikanapitirira mpaka kumapeto kwa chiganizo.

Lamulo linawerengedwa m'misika yonse:

"Ife Sindilakwa Wachiwiri, Mwinidziko, Tate wa Okondwa, titaona umboni wa sayansi, talamula kuti mawu akuti koma asamvekenso m'dziko lino, poyera kapena m'nyumba, polankhula kapena poimba. Abale ake, amene ndi komabe, komatu ndi kungoti, nawonso aletsedwa. Chiganizo chilichonse chizithera pamene chikukomera. Wolakwira lamuloli adzaweruzidwa ndi Ife tomwe."

Tsiku loyamba apolisi anamanga Abiti Mdoka chifukwa chofuula kuti mandasi okoma. Bwalo linakhala, n'kugamula kuti okoma ndi wololedwa malinga anenedwe mofulumira. Alaliki anavutika kwambiri, poti maulaliki awo onse ankakhotera pamenepo. Ankhoswe anapezeka alibe ntchito. Atsikana okana mwamuna mwaulemu, amene kale ankati ndinu munthu wabwino koma, anapezeka atomeredwa.

Anthu a dzikolo satsutsana ndi lamulo, amangolizungulira ngati chithaphwi. Pamalo pa mawu oletsedwawo anayamba kutsokomola.

"Kunyumba kuli bwanji?"

"Kuli bwino." Khoo. "Denga lapita ndi mphepo."

Pasanapite nthawi dziko lonse linali kutsokomola, m'mabasi, m'matchalitchi, pa maliro. Unduna unalengeza kuti kwagwa mliri wa chifuwa, n'kuitanitsa mankhwala ambirimbiri a chifuwa kuchokera kunja. Mankhwala amenewo ankapezeka pa chipatala chilichonse. Mankhwala a Esinati ndi amene sankapezeka paliponse.

Mankhwala atatha, Esinati anabwerera pang'onopang'ono kumene anachokera. Anasiya kupesa. Chakudya ankangochigwira n'kuchikankha. Ankakhala pamphasa kuseri kwa nyumba, nkhope italoza kukhoma. Mawu okha amene ankatuluka m'kamwa mwake anali a foni. Ikalira ankaitenga, poti anakula ndi mwambo, n'kuyankha ndi mawu ouma kuti wadzuka bwino. Faniwelo ankamva tiii uja ali pakhomo, mtima n'kumuwawa. Anawonjezera nthabwala. Anamugulira chitenje. Anamuimbira nyimbo ya pa ukwati wawo. Anapempha mayi woyandikana nawo kuti azimuyang'anira masana, makamaka akaona akulowera njira ya kumlatho. Faniwelo ankachita mantha, mantha enieni, oti tsiku lina adzabwera kumsika n'kupeza mphasa yokha.

Lachinayi lina anatseka benchi n'kupita kuchipatala yekha. M'chipinda muja munali mawaya okhaokha ngati maungu oyanga. Mayi Nasibeko anali pakona, akumasula matchaja okolana. Pa tebulo panali mnyamata wa tayi, Mkulu wa Chimwemwe wa m'dera, ali ndi kompyuta.

"Bwana, ndabwera za mayi akunyumba, Esinati Kadzuwa. Ankalandira thandizo muno."

Mnyamatayo anabayabaya kompyuta n'kumwetulira.

"Ndikuyamikireni, bambo. Akazi anu ali bwino. Sanaphonyepo n'kamodzi komwe, m'mawa ndi madzulo. Ndi mzika yachitsanzo."

"Inde bwana. Ali bwino." Faniwelo anatsokomola. "Sakudya."

"Chifuwa ndi khomo lachitatu kumanzere."

"Ayi bwana, chifuwa ndilibe. Ndikuti ali bwino." Anatsokomolanso, mwamphamvu. "Sakulankhula."

"Akulankhula. Ndi izi apa. Mukufuna kumva mawu awo?"

Mnyamatayo anabaya batani, ndipo m'chipindamo munamveka mawu a Esinati, ofooka, akuti waswera bwino, kaya inu. Faniwelo anamva mkazi wake akufunsa kaya inu kwa chinthu chimene sichinamuyankhepo.

"Ali bwino, bwana, koma akufa!" anafuula. "Koma! Mwamva? Koma sakudya, koma sakugona, koma ndimuluza mkazi wanga!"

Mayi Nasibeko anaimirira, tchaja ili m'manja. Apolisi anafika iye asanatsegule pakamwa.

Mlandu unakambidwa masana a tsiku lotsatira, m'bwalo lalikulu la nyumba yachifumu. Mfumu inali pampando, maso ofiira kuposa kale. A Chivomerezi anali pamalo pawo, amayi a nthungululu kumbuyo, ndipo Dokotala Chimphonda anali ataitanidwa kudzakhala ngati umboni wa sayansi, mendulo zikumulemera m'khosi. Faniwelo anali atakonza mawu ambiri ali m'chitokosi, mawu okoma, oyambira pa mbiri ya ufumu n'kukathera pa kabati ya mankhwala. Mwambo wa pabwalo unali wakuti woimbidwa mlandu ayambe ndi kutamanda Mfumu.

Atagwada n'kukweza maso, mawu onse anathawa. M'mutu munatsala chinthu chimodzi chokha, chimene amake anamuphunzitsa ali wamng'ono.

"Mwaswera bwanji, Mwinidziko?"

Nduna zinayang'anizana. Mfumu siifunsidwa mmene yaswerera. Imauzidwa. Wayilesi inkalengeza m'mawa uliwonse kuti Mfumu yadzuka bwino, ndipo nayonso inkamvera pomwepo. Koma nayo inabadwira m'dziko lomwelo, ndipo pakamwa panayankha pasanapemphe chilolezo.

"Ndaswera bwino, kaya inu?"

"Ndaswera bwino, Mwinidziko."

Apa Faniwelo anayenera kupitiriza, koma lilime linakana. Anangokhala chogwada, manja atapinda, akuyang'ana Mfumu. A Chivomerezi anali otanganidwa kunong'oneza mlembi kuti afufuze ngati moni uli mlandu, choncho chala sichinakwere, ndipo amayi a nthungululu anakhala duu. M'bwalo monse munali zii. Chilongedwereni ufumu, Sindilakwa Wachiwiri anali asanamvepo chete wotere. Chiganizo chake chilichonse chinkalandiridwa ndi ng'oma chisanagwe pansi. Mfumu inayang'ana kumanja, inayang'ana kumanzere, kenako inayang'ana pansi.

"Koma tulo ndiye sitibwera," inatero.

Mlembi anagwetsa cholembera. Faniwelo, chifukwa cha mantha, anapitiriza kukhala chete.

"Chipitireni mayi wa nyumba ino," inapitiriza Mfumu motsitsa mawu, "ndikangotseka maso ndimamva akutsokomola chipinda chinacho, monga ankachitira akudwala. Ndimadzuka, ndimapita kukaona, mulibe munthu. Ndimati ng'oma zizilira kuti ndisamve. Ndiye taonani, pano dziko lonse layamba kutsokomola. Ndikatsegula zenera ndimamva iye yekhayekha."

Mfumu inapukuta m'maso ndi mphonje ya mkanjo. Anthu anayang'ana kumbali, poti misozi ya Mfumu siili m'malamulo.

A Chivomerezi sanafike paundunawo mwangozi. Anadumpha n'kuimirira.

"Bwalo limve bwino! Mwinidziko sanatchule mawu oletsedwa ayi. Uyu ndi koma wina, wachifumu, wosonyeza kuchita chidwi, ngati ponena kuti koma ndiye kwacha bwino! Mfumu yathu ikunyadira kuti siigona, ikulondera anthu ake!"

Chala chinakwera, nthungululu zinalira, ndipo nduna zinapuma. Koma Mfumu inakweza dzanja, phokoso n'kuduka. Inaloza Faniwelo.

"Iwe, wandichita chiyani? Pachifuwa pano papepuka."

"Palibe, Mwinidziko. Ine ndi mantha chabe. Amene amachita dala ndi mayi Nasibeko, aja ankakhala ku Chipinda cha Lachinayi. Iwo amangokufunsa n'kudikira."

Dokotala Chimphonda anaona kuti pakadafunda padajiwitsa galu. Anagwada msangamsanga, mendulo zikugundana, n'kulankhula osapuma kuopa chala.

"Mwinidziko, ndi zimene ndinkafuna kutsiriza tsiku lija. Foni imathandiza pokhapokha kuseri kwake kukhale munthu womvetsera."

Mfumu inagwedeza mutu kwa kanthawi.

"Wanena zoona, dokotala. Munthu womvetsera akufunika." Inatembenukira kwa asilikali. "Kamutengeni Nasibekoyo. Kuyambira lero azikhala kuno. Akhale Womvetsera Wamkulu wa Mfumu."

Nthungululu zinalira. Faniwelo anakhululukidwa pomwepo, ndipo mlembi analemba kuti woimbidwa mlandu anali ndi chifuwa. Iye anakhalabe chogwada.

"Mwinidziko, pepani. Nanga Chipinda cha Lachinayi? Mkazi wanga..."

Mfumu inayang'ana nduna yake.

"Anthu ali bwino, Mwinidziko," anatero a Chivomerezi. "Zana pa zana. Sayansi ndi iyo yakhala apo."

"Ndiye kuti wodwala m'dziko lonse lino ndine ndekha?"

"Mfumu imatsogola pa zonse, Mwinidziko."

Yankholo linaikomera Mfumu. Dokotala anatsegula pakamwa, koma ng'oma zinali zitayamba kale, ndipo anamuveka mendulo yachitatu.

Potuluka pa geti Faniwelo anakumana ndi galimoto ya boma ikulowa. Kumbuyo kunali mayi Nasibeko, tchaja ikadali m'manja. Mayiyo anauza dalaivala kuti aime, ndipo dalaivalayo, poona kuti mayiyu tsopano ndi wamkulu, anaima.

"Bambo Kadzuwa," anatero motsitsa mawu, "Lachinayi ndi Lachinayi. Mubwere naye ku geti la kukhitchini. Mfumu siingalankhule sabata yonse. Za mankhwala ndiona chochita."

"Nanga kufika Lachinayi, mayi? Ndizimuuza chiyani? Nthabwala zonse ndamaliza."

"Mwamaliza? Zikomo kwambiri. Mukafika mukamupatse moni, mukatseke pakamwa."

Faniwelo anafika kunyumba dzuwa litapendeka. Choyamba anathamangira kuseri. Mphasa inalipo, ndipo Esinati anali pomwepo, nkhope kukhoma. Mayi woyandikana nawo anamukodola ndi mutu n'kubwerera kwawo. Nthawi yomweyo foni yachikasu inalira. Esinati anatambasula dzanja, koma Faniwelo anaitola, n'kuilowetsa m'jombo ya kasitomala imene inali pakhonde, n'kutsekapo ndi sokosi. Mtsikana waulemu uja anafunsa jombo mmene yaswerera.

Anakhala pansi, pamphasa pomwepo, chapambali pang'ono.

"Waswera bwanji, Nangondo?"

"Ndaswera bwino, kaya inu?"

"Ndaswera."

Apa ndi pamene ntchito inayambira. Pa lilime la Faniwelo panafika nkhani ya Mfumu yolira, nkhani yoti akanaikamba mpaka mawa. Anaimeza. Panafika usadandaule. Anamumeza. Panafika Mulungu adzatipatsa wina, ameneyu ndiye anamuvuta kwambiri, mpaka anadziluma mlomo. Nkhuku inadutsa pakati pawo. Kutali munthu wina ankatsokomola. Faniwelo anayang'ana zala zake zodetsedwa ndi polishi, n'kuona kuti kukhala chete kumapweteka kuposa kugona m'chitokosi. Anaganiza kuti mwina sizigwira, mwina zimafuna satifiketi ya unamwino. Anakhalabe.

Esinati anakoka mpweya. Sanatembenuke.

"Koma..."

Faniwelo sanagwedezeke.

"Koma bwanji munasiya kunditchula amake Tadala?" anafunsa Esinati. "Nonse munasiya. Ngati sindinabereke. Ngati sanakhaleko. Tizovala take munatibisa kuti?"

Apa ndi pamene Faniwelo anazindikira. Miyezi yonseyi ankatseka dzinalo pakhomo poganiza kuti akuteteza mkazi wake, osadziwa kuti akumuikira mwana wake m'manda kachiwiri. Anadzuka, analowa m'nyumba, anakwera pampando n'kutsitsa kachikwama kamene anakabisa pamwamba pa khoma. Anabwera nako n'kukaika pamiyendo pa mkazi wake. Esinati anatulutsa kachipewa koluka, n'kukanunkhiza. Kenako analira, kulira kwenikweni, kofuula, kumene kunadikira chichokereni kumanda.

Anansi anatuluka m'nyumba zawo. Wina anafuula kuchokera kuseri kwa mpanda.

"Kwagwanji kumeneko, a Kadzuwa? Muli bwino?"

Faniwelo anamugwira mkazi wake paphewa, nayenso misozi ili chuchuchu. Sanatsokomole.

"Ayi," anayankha. "Sitili bwino. Amake Tadala akulira mwana wawo."